Matope a M'dimba la Apongozi

Kwa Mkanda,
Mchinji.
24 Okutobala, 2004.

Wokondedwa mlongo wanga Vitus,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, poti m'kalata yako unanena kuti ku Kanada kumeneko kuzizira kumayamba msanga, ndipo chifuwa chako chija sindinachiiwale. Uli bwanji tsono? Juzi ukuvala, kapena ukadali ndi khalidwe lako lija loyenda malaya osamanga mabatani mpaka utagona pa mphasa? Kuno ine m'thupi ndili bwino. Alamu ako a Pius ali bwino. Rozi wanga mano awiri akutsogolo aguluka, akamaseka amagwira pakamwa. Amalume a Benedicto kwa Mavwere akungodandaula mawondo, koma njinga sanaisiye.

Ndati m'thupi ndili bwino chifukwa mumtima muli zina. Usathamangire kumapeto monga umachitira ndi mabuku ako. Werenga kuyambira pano, chifukwa nkhaniyi ngakhale ine mwini wake imandisokoneza ndikaiyambira pakati.

Phukusi lako linafika mu Ogasiti, mabotolo atatu agalasi aja okulungidwa m'masokosi, ndi kalata ya masamba anayi. Masokosi ndinawapatsa a Pius. Kalata ndinaiwerenga katatu, kachinayi ndinawerenga motulutsa mawu kuti mwina makutu angathandize maso. Ndikuuze mmene ine ndinamvera, kuti ngati ndinasochera uone pamene ndinasocherera.

Unati utsi wa m'mafakitale uli ndi mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Unati azungu ako amaugwira mpweyawo usanakwere kumwamba, amaufinya mpaka ukhale ngati madzi, kenako amaupopera pansi penipeni, m'miyala momwe anakumbamo mafuta a galimoto. Ukalowa umakankha mafuta otsala kuti atuluke, ndiye iwo umatsala momwemo, ati zaka chikwi. Apo ndinamva, ngakhale ndinadabwa kuti anthu ophunzira angakhale pansi n'kugwirizana zokwirira utsi.

Pamene mutu unayamba kuzungulira ndi pa tizilombo. Unati pansipo, pamene pali mdima, kutentha ndi madzi amchere, pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala bwinobwino popanda dzuwa. Tina timadya mpweya wokwiriridwawo n'kuusandutsa mpweya wina woyaka moto, umene ukathawira kumtunda ndi woipa kuposa woyamba uja. Tina timatulutsa zoterera zimene zimamata ming'alu, ndiye n'tabwino. Tina timathandiza kuti mpweya uume n'kukhala mwala. Tinanso timatulutsa fungo la mazira ovunda n'kumadya mipope yachitsulo. Ndipo ntchito yako, imene wasiyira kwanu zaka zinayi, ndi yofuna kudziwa kuti mwa tonseti topambana ndi titi. Unatsiriza ndi kunena kuti mpaka pano simukudziwa. Ndinaseka ndekha, mlongo wanga. Sukulu yonse ija, yankho lake n'kukhala "sitikudziwa".

Kenako pempho lako. Unandikumbutsa mmene unkabayira matope a m'dambo ndi ndodo uli mwana, thovu n'kumatuluka, iwe n'kumayatsa ndi machesi amene unkaba m'khitchini. Unati tizilombo topanga thovu limenelo ndi tachibale ndi tapansi pa mafuta, ndipo aphunzitsi ako avomera kuti mutifananitse. Unati nditape matope akuda a pansi, malo atatu osiyana, ndidzaze mpaka pakhosi, nditseke zolimba chifukwa mphepo imatipha, ndilembe malo ake pa kapepala, ndisunge pozizira ndi pamdima, mnzako wa ku Lilongwe adzabwera ndi mapepala aboma kudzatenga pakatha sabata imodzi. Ndalemba zonse kuti uone kuti palibe chimene ndinadumpha.

Kulakwa kwanga koyamba n'kwakuti sindinauze munthu. Ndikanati chiyani? Pamudzi pano amandiseka kale kuti mlongo wanga wakalambira m'kalasi, mkazi alibe, nyumba alibe. Ndiye ndiimirire ndinene kuti wophunzira uja tsopano waitanitsa matope? Ndinachita manyazi. Ndinalawirira kudambo anthu asanatsike, mabotolo nditamanga m'chitenje.

Botolo loyamba ndinatapa m'dimba langa. Lachiwiri pachitsime chimene tonse timatungapo madzi othirira. Lachitatu ndinayendayenda kufuna matope akuda kwenikweni monga unanenera, ndipo ndinawapeza kumunsi kwa dimba la apongozi anga, aNangondo, mayi awo a Pius. Ukaponda pamenepo thovu limachita kutuluka pakati pa zala. Ndinakondwa kuti ndakupezera abwino. Sindinadziwe kuti mlamu wanga Keziya, mlongo wawo wa a Pius, anali kutsidya akuthyola chisoso ndipo anandiona nditagwada m'dimba la mayi ake. Sananene kanthu tsiku limenelo, anangosunga.

Pa kapepala unati ndilembe malo. Iwe waiwala kuti dambo lathu lilibe manambala ngati misewu ya kwanuko. Malo timawadziwa ndi eni ake. Ndiye pa loyamba ndinalemba "Felista", pa lachiwiri "Chitsime", pa lachitatu "aNangondo". Ndinamatanso ndi selotepi kuti chinyontho chisafufute, poti ndimakudziwa kuti sukonda ntchito yosalongosoka.

Pozizira ndi pamdima m'nyumba mwanga ndi pamodzi pokha, pansi pa mtsuko wa madzi akumwa. Firiji ndiitenga kuti? Ndinasuntha mtsuko, ndinakumba pang'ono, ndinaimika mabotolo atatu aja, ndinakwirira, ndinabwezera mtsuko. Pochita zimenezi maganizo anga onse anali pa mawu ako. Sindinaime n'komwe kuti ndidzione mmene munthu wina akanandionera: mtengwa akukwirira botolo m'nyumba, lili ndi dothi la m'munda wa apongozi ake ndi dzina lawo pamwamba. Lero ndikamalemba chonchi ndi pamene ndikuziona, koma tsiku lija ndinangosesa n'kupita kukachapa.

Mnzako wa ku Lilongwe sanabwere. Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Ndinayamba kuda nkhawa. Iwe unanena wekha kuti timeneti ndi tamoyo ndipo timadya. Ine sindinasungepo chamoyo osachipatsa kanthu, ngakhale nkhuku ya mlendo. Ndinaganiza kuti mnzakoyo adzapeza tonse titafa ndi njala, ndipo iwe udzachita manyazi pamaso pa aphunzitsi ako chifukwa cha ine. Mpweya wa m'fakitale ndinalibe. Ndiye ndinafukula, ndinathira kasupuni ka shuga ndi timadontho ta thobwa m'botolo lililonse, ndinatseka msanga kuti mphepo isalowe yambiri, ndinakwiriranso. Ngati apa ndi pamene ndinaononga sayansi yako, undikhululukire. Ndinkayesa kuchereza alendo.

Tsopano uyenera kudziwa za chimanga. Chaka chino dimba langa linakongola, chifukwa ndinatsatira alangizi pa manyowa a kompositi. Apongozi anakana, anati iwo anayamba kulima alangiziwo asanabadwe. Chimanga chawo chinamera bwino, koma pofika mu Seputembala chinayamba chikasu, chinapinimbira, pamene changa chili bii pafupi pomwepo. Ndipo ukudziwa kuti apongozi aamuna anapita chaka cha njala chija cha 2002, miyendo itatupa. Chichokereni nthawi imeneyo pabanja pano nkhani ya chimanga saichitira nthabwala.

Tsiku lake linali Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo. Apongozi ndi Keziya anali pakhonde panga, tonse tikusenda mtedza wa mbewu. Tinangomva m'nyumba kuti phuu, kenako mtsuko kugubuduka. Keziya ndiye anayamba kulowa. Pamene ine ndinkafika, madzi anali ponseponse, matope akuda atamwazikira kukhoma, fungo la mazira ovunda lija unanena lili thoo. Botolo limodzi linali litaphulika. Mwa atatu onse, Vitus, linasankha kuphulika ndi lachitatu. Keziya anatola chidutswa chokhala ndi kapepala, anapukuta ndi chala, anawerenga dzina la mayi ake mokweza. Kenako anakumba ndi manja n'kutulutsa ena awiri aja.

Ndinkayembekeza kuti apongozi akuwa, aitana mudzi. Sanatero. Anayang'ana kapepala nthawi yaitali ngakhale sadziwa kuwerenga, ndiye anati, "Felista mwana wanga, ndinakulakwira chiyani? Ukanapempha chimanga ndikanakupatsa." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwana. Amayi omwewa ndi amene anandigwira dzanja pobereka Rozi, amayi athu atapita kale.

Keziya ndiye anamasula zonse zimene anasunga. Anati anandiona m'mamawa ndikutapa dothi, ndipo kuyambira sabata yomweyo chimanga cha mayi ake chinayamba kufota, changa n'kumanenepa. Anati uku ndi kukawa, ndasamutsa chonde cha m'dimba la apongozi ndi mankhwala. Ine ndinathamangira kalata yako kuti ndiwawerengere, koma chifukwa cha phuma ndinayambira pa tsamba lachitatu pamene pali za mipope. Palibe anamva kanthu.

Madzulo omwewo a Pius ananditengera kwa amalume kwa Mavwere pa njinga, kuti zinthu zizizire. Rozi anatsala. Ukudziwa kuti anzathuwa ndi Angoni, analowola, mwana ndi wawo. Ndinamusiya ataima pafupi ndi khola atanyamula sileti yake, akufunsa azakhali ake kuti amayi akupita kuchipatala kodi.

Ndinakhala kwa amalume sabata zitatu. Kawiri ndinapita kuboma kukakuimbira pa telefoni yolipira, pa nambala imene unalemba. Kawiri konse anayankha mayi wachizungu wolankhula mofulumira, wosadikira kuti ndimupatse moni. Mwini telefoni anandiuza kuti si munthu, ndi makina. Ndinasiya mawu anga mmenemo, kaya unawamva kaya anadyedwanso ndi tizilombo tako.

Ankhoswe anakumana Loweruka lachitatu. Kwathu anali amalume a Benedicto, poti iwe mwini mbumba uli kutsidya la nyanja. Kuchimuna kunali bambo awo aang'ono a Pius, munthu wofatsa amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Zambia. Mabotolo awiri otsala anawaika pakati, pa mbale, ndipo aliyense anakhala patali nawo. Anandiuza kuti ndiwerenge kalata yako yonse. Ndinawerenga bwinobwino nthawi ino, kuyambira pa moni.

Amalume anayesetsa, usadzawaiwale. Anati nkhaniyi ndi yapafupi: azungu amanga nkhokwe ya utsi pansi pa nthaka, ndipo Vitus ndi amene amayang'ana ngati mwalowa anankafumbwe. Anthu ena anagwedeza mitu, ine mtima unayamba kutsika. Koma bambo aang'ono aja anafunsa kuti ndani amamanga nkhokwe ya chinthu chimene sadzadya. Anati iwo analowapo pansi pa nthaka zaka khumi ndi ziwiri, anaonako madzi, miyala ndi kutentha, koma chilombo chodya mpweya sanakumane nacho. Amalume anayankha kuti n'chifukwa chake akuti n'tosaoneka. Apo m'pamene zinaipira.

Anayamba kundifunsa mmodzimmodzi, mwaulemu ndithu. Kodi tizilomboto ndinationapo? Ndinati ayi. Nanga ndikudziwa bwanji kuti tili m'botolo? Ndinati mlongo wanga wanena. Kodi dothi ndinapempha kwa mwini dimba? Ayi. Amuna anga ndinawauza? Ayi. Botolo linaphulika chifukwa chiyani? Apa ndinaganiza kuti choonadi chindipulumutsa, ndiye ndinanena za shuga ndi thobwa. Keziya anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti mwamva nokha, amazidyetsa. Amalume anangogwira kumutu.

A Pius anali atafunsako kwa wa zaumoyo amene amayendera zitsime, ndipo anafotokoza kuti iyeyo wavomereza kuti tizilombo tosaoneka tilikodi, ngati timene timabweretsa kolera. Ankafuna kundithandiza. Koma anthu anangotembenuza kuti ndiye kuti ndinkaweta matenda m'nyumba, dzina la apongozi lili pamwamba. Chilichonse chimene tinkanena chinkabwerera kudzatimenya tokha.

Pomaliza bambo aang'ono aja anayankhula mawu amene mpaka lero ndikusowa yankho lake. Anati, "Mwana ameneyu akugwira ntchito ndi zinthu zosaoneka, zokhala pansi pa nthaka, zosandutsa chinthu china kukhala china. Waitanitsa dothi la kwawo kuti liwoloke nyanja, ndipo walamula kuti libisidwe pamdima. Kwa azungu mwina ili ndi dzina lina. Nanga kuno kwathu timaitcha chiyani?" Ine ndinkadziwa kuti akulakwa, koma sindinkadziwa kuti akulakwira pati.

Chigamulo chinali cha njira ziwiri. Ndikapitiriza kukana, ndiye kuti mtima wanga ndi wouma, banja latha, ndikhale kwathu, Rozi akhale kwawo. Ndikavomera kuti anali mankhwala, nditchule wondituma, ndibwere ndi nkhuku yoyera, ndibweze dothi m'dimba anthu akuona, ndigwade kwa apongozi, nkhani ithere pomwepo. Anandipatsa sabata imodzi.

Sabata imeneyo kalata yako ndinaiwerenga mpaka inayamba kung'ambika m'mapindo. Ndinkafuna chiganizo chimodzi chokha choti ndikaime nacho pamaso pa anthu. Ndinapeza "mwina", ndinapeza "tikuganiza kuti", ndinapeza "sitikudziwa". Ndinakwiya nawe, sindikubisira. Ndinakulera ndine, fizi yako ya Fomu 1 inachokera ku mtedza wanga, ndipo tsiku limene ndinafuna kuti maphunziro akowo andiimirire, anangondipatsa "mwina".

Ndiponso ndikuuze chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi. Tsiku lina ndikusinja kwa amalume ndinadzifunsa kuti kodi ine ndikudziwadi chimene Vitus amachita kumeneko? Chimanga cha apongozi chinayambadi kufota nditatapa dothi. Botolo lawo ndi limene linaphulikadi. Ndinadzidzudzula msanga, ndinapita kukalapa Lamulungu lake, koma ganizolo linandifikira, ine amene ndinakusambitsa.

Lachitatu a Pius anabwera. Anakhala pa mpando wa amalume chipewa chili m'manja. Anati iwo sakudziwa choti akhulupirire, za tizilombo sakuzimva, za kukawa sakufuna kuzimva, chimene akudziwa n'chakuti nyumba yazizira. Anati Rozi wasiya kupita kusukulu chifukwa anzake akumuthawa, chakudya akungotola pang'ono, ndipo madzulo aliwonse amakakhala pamsewu wochokera kwa Mavwere mpaka amukoke. Kenako anati, "Amake Rozi, ingovomerani. Vitus ali kutali, mawu a kuno samupweteka. Mwanayu ali pompano."

Mlongo wanga, ndafika pa chimene ndalembera kalatayi. Ndinavomera.

Loweruka pa 16 ndinagwada pabwalo la apongozi, nkhuku ili m'manja, anthu atazungulira. Anandifunsa ngati anali mankhwala okawira, ndinati inde. Anandifunsa wondituma, ndinatchula dzina lako lonse. Anafunsa ngati ndi mankhwala omwewo amene wakhala ukukhozera mayeso zaka zonsezi, poti mwana wamasiye wa kwa Mavwere sangafike ku Kanada ndi mutu wokha. Apa ndinakhala chete, ndipo chete wangayo anamutenga ngati yankho. Amalume anadzuka n'kupita kukaima kuseri kwa nyumba.

Kenako tinatsikira kudambo pamzere ngati tikupita kumanda. Ndinatsegula mabotolo awiri aja, anachita kufwenthera ngati chakumwa cha m'sitolo, amayi ena anathawa. Ndinakhuthula matope onse m'dimba la apongozi, ngakhale kuti limodzi linali la m'dimba langa, lina la pachitsime. Mabotolo anawaswa ndi khasu n'kuwataya m'chimbudzi. Apongozi anandidzutsa ndi manja awo, akulira, anati zatha mwana wanga, Satana ndi amene anakupeza. Ndinalira nawo. Sindikudziwa ngati tinkalirira chinthu chimodzi.

Ndiye tamvera izi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo chimanga cha apongozi chayamba kubiriwira. Anthu akuchita kupatuka panjira kudzaona. Ine ndikuganiza kuti a Pius anathirako feteleza wa yuriya mobisa, chifukwa ndinapeza kajumbo koyera m'thumba la buluku lawo pochapa. Ndikawafunsa amangoyang'ana kumbali n'kuyamba nkhani ya fodya. Ngati anathiradi, anachita kuti mayi awo akondwe, koma atsekeratu khomo limene choonadi chikanadzalowera. Ngati sanathire, ndiye sindikudziwanso, mlongo wanga. Undifotokozere iweyo, ndipo nthawi ino usalembe "mwina".

Mnzako wa ku Lilongwe anafika Lachiwiri lapitali pa galimoto yoyera, ali ndi bokosi lozizira ndi mapepala ake a zidindo. Anapepesa kuti chilolezo chinachedwa. Ndinakumana naye kumsewu asanafike pakhomo, ndinamuuza kuti mabotolo anasweka, abwerere. Anafuna kuti tikatape ena pompo, poti dambo lili pafupi. Ndinamugwira mkono munthu wosamudziwa, ndinamupempha kuti ngati ali ndi mlongo wake wokwatiwa, alowe m'galimoto azipita. Anapita akudabwa. Akakuuza kuti mchemwali wako ndi wosokonezeka mutu, usamutsutse.

Ndikudziwa kuti ntchito yako ndaiononga. Kaya aphunzitsi ako ukawauza chiyani. Matope ali ponseponse m'Malawi muno, utume wina amene sali pa ukwati. Chimene ndakuonongera kwenikweni ndi dzina, ndipo dzinalo silinali langa kuti ndiligulitse. Unalipeza wekha ndi nyali ya parafini, ukuyenda wapansi kupita kusukulu mvula ikugwa. Ine ndalipereka tsiku limodzi pamodzi ndi nkhuku. Madzi akatayika sawoleka, ndipo sindikupempha kuti unene kuti ndinachita bwino.

Pempho langa ndi lina, ndipo ndi lolemera kuposa kukhululuka. Unalemba kuti ukufuna kubwera pa Khirisimasi. Ndimakudziwa, Vitus. Ukangomva zimenezi udzafuna kubwera ndi mabuku, ndi zithunzi za tizilombo, mwinanso ndi makina oonera tinthu tating'ono, kuti uike pabwalo aliyense asuzumire. Udzayankhula bwino, mwina ena adzakhulupirira. Koma ukadzapambana, ine ndidzakhala mkazi amene ananama atagwada pamaso pa ankhoswe, apongozi adzakhala nkhalamba imene inanamizira mtengwa wake, ndipo nkhani imene yatsekedwa idzatsegukanso iwe utakwera ndege. Ukalephera, adzati sitinalape. Konsekonse wotuluka pakhomo pano ndine.

Choncho ukabwera, ukafikire kwa amalume. Akakuitana kuno, ubwere wopanda buku. Akakufunsa ngati unandituma, udzati inde, zimenezo n'zoona kale. Akakufunsa zinazo, udzaweramitse mutu monga ndinachitira ine, upepese kwa aNangondo, umwe madzi amene adzakupatse. Ngati sungathe, ndipo sindidzakuda ukalephera, ndiye chaka chino usabwere. Ndalemba mawu amenewa ndi dzanja langa, ine amene ndakhala ndikuwerenga miyezi kuti ndidzakuone.

Pali chinanso chimene uyenera kumva kwa ine, osati kwa wina. Dzulo ndinkamuluka Rozi tsitsi pakhonde, apongozi atakhala pambali akusankha nyemba. Mwanayo anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Amayi, amalume a Vitus ndi amfiti?" Manja a apongozi anaima m'lichero. Ndinayang'ana mwana wanga, amene wayambanso kudya, amene wabwerera kusukulu Lolemba, ndipo ndinati anali atasochera koma tikuwapempherera. Anagwedeza mutu, anatembenuka kuti ndipitirize kuluka. Madzulo popemphera anakutchula yekha, kuti Mulungu akuchotse ku zoipa.

Yankho lako ulitumize kudzera kwa amalume, usalembe pa keyala ya kuno. Iwo akupereka moni, ati ukadali mwana wawo ndipo nkhokwe ya utsi ija akufuna udzawafotokozere bwino muli awiri. A Pius sakudziwa kuti ndalemba. Undiperekere moni kwa aphunzitsi ako ndi onse amene amakusamala kumeneko, koma za kalatayi usawauze, angatiseke.

Ambuye akusunge m'kuzizira kumeneko, akupatse nzeru pa ntchito yako, ndipo akupatse mtima woti udzathe kundiyang'ana.

Ndine mlongo wako amene anakubereka kumsana,

Felista